KUSUNGA MAZIRA M'CHISANU: KODI NDILO YANKHO LA AMAI A KU MACHINGA NDI BALAKA?

Boma la Machinga limatchuka m'dziko muno chifukwa cha kuchuluka kwa ana. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya Boma yoona za chiwerengero cha anthu, imene likulu lake lili ku Zomba, inachita m'zaka za 2015 ndi 2016 anasonyeza kuti mai wa ku Machinga ankabereka ana 6 kapena 7 pa moyo wake, pamene m'dziko lonse chiwerengerocho chinali pakati pa ana 4 ndi 5. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'bomalo, atsikana 41 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Nchifukwa chake akuluakulu akamachititsa misonkhano ku Liwonde, ku Ntaja kapena ku Nsanama, nkhani imene imakhala pakamwa pao ndi ya kulera ndi ya kuthetsa maukwati a ana. Palibe munthu wanzeru amene angawadzudzule pa zimenezi.

Koma pali mai wina amene satchulidwa pa misonkhano imeneyi. Tsiku la sikelo likafika, anzake amabereka ana kumsana kupita ku chipatala, pamene iye amatsala pakhomo kapena amalowera kumunda. Wakhala pa banja zaka zinai, mwina zisanu, ndipo mwezi uliwonse akaona msambo amadziwa kuti mafunso a apongozi ayambiranso. Pachitsime amamutchula chumba. Ena opanda chisoni amanena poyera kuti iye ntchito yake nkungodzaza chimbudzi. Mbuzi, nkhuku ndi chimanga cha m'nkhokwe zimathera kwa asing'anga, ndipo tsiku lina mwamuna wake, amene kawirikawiri amakhala mkamwini m'mudzimo, amamanga katundu wake napita kukakwatira kwina, kapena amatenga mkazi wachiwiri. Ankhoswe amaweruza, banja limatha, ndipo palibe amene amafunsa ngati vuto linalidi mwa mkaziyo.

Anthu otere si ochepa monga momwe ambiri aganizira. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake, ndipo chiwerengero chimenechi sichisiyana kwenikweni pakati pa maiko olemera ndi osauka. Kusiyana kuli pa chithandizo. Ku Balaka nako kuli umboni. Kuyambira m'chaka cha 2009 akatswiri a kafukufuku wotchedwa Tsogolo la Thanzi anakhala akutsata moyo wa achinyamata a m'tauni ya Balaka ndi midzi yozungulira, ndipo m'chaka cha 2015 anafunsa amai 1,064 ndi abambo 527 a zaka 21 mpaka 29 ngati ankadzikayikira kuti mwina sangabereke. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa m'chaka cha 2020, zinaonetsa kuti anthu 8 mwa 100 alionse anali ndi chikayiko chotere, ndipo pakati pa amai amene anali asanaberekepo, chiwerengero chinafika 20 mwa 100 alionse. Awa anali anthu a zaka za m'ma 20, msinkhu umene thupi limakhala pa mphamvu zake zonse, koma nkhawa inali itawalowa kale.

Tsono m'zaka zino mbiri yafika kudzera pa wailesi, pa intaneti ndi pa mafoni a m'manja, yakuti kunja madokotala amatha kuchotsa mazira m'thupi la mai, kuwasunga m'chisanu kwa zaka zambiri, ndi kudzawagwiritsa ntchito pamene maiyo wakonzeka kukhala ndi mwana. Mbiri imeneyi ndi yoona. Ndipo popeza amene amayamba kuimva ndi aphunzitsi, anamwino, makalaliki ndi atsogoleri a m'madera, anthu amene mau ao amamveka m'midzi, nkofunika kuti iwowa adziwe bwino chimene luso limeneli lingachite ndi chimene silingachite, asanakauze mai wa ku Phalula kapena wa ku Chikweo kuti mankhwala a vuto lake apezeka.

Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira onse amene adzakhale nao pa moyo wake, ndipo amakhala pakati pa miliyoni imodzi ndi mamiliyoni awiri. Akamatha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000, ndipo mwa amenewa ndi mazira 400 kapena 500 okha amene amakhwima ndi kutuluka, limodzi pa mwezi, kufikira tsiku limene maiyo adzasiye kusamba. Chimene ambiri sadziwa nchakuti mazira samangochepa ai, komanso amakalamba. Mai akapitirira zaka 35, ndipo makamaka akamayandikira zaka 40, mazira ake ambiri sakhalanso abwino, kotero kuti kutenga pakati kumavuta ndipo kupita padera kumachuluka. Chiberekero chokha sichikalamba msanga chotero. Apa ndi pamene pagona nzeru ya kusunga mazira: dzira limene latengedwa mai ali ndi zaka 30 limakhalabe la zaka 30 ngakhale mwini wake atafika zaka 40.

Kusunga mbeu ya chamoyo m'chisanu si chinthu chachilendo kwa Amalawi. Alimi a ng'ombe za mkaka akudziwa za mlangizi amene amafika ndi kathanki kofuka nthunzi yozizira, momwe muli mbeu ya nkhunzi, ndipo malo a Boma a ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu akhala akudziwika ndi ntchito imeneyi kwa zaka zambiri. M'kathankimo mumakhala naitrojeni wamadzi, amene amazizira kufika madigiri 196 kunsi kwa ziro. Pa kuzizira kotere zonse za m'kati mwa selo zimaima, ngati kuti nthawi yaima. Akatswiri a ku England anatulukira njira yosungira mbeu ya mphongo m'chisanu m'chaka cha 1949, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ana oyamba obadwa ndi mbeu ya bambo yosungidwa chotere anabadwa ku America.

Dzira la mai ndilo linavuta. Ilo ndi selo lalikulu kuposa maselo ena a m'thupi ndipo ndi lodzaza ndi madzi. Madzi akamaundana pang'onopang'ono amapanga timinga ta ayezi, ndipo timinga timeneti timabaya ndi kuononga za m'kati mwa dzira. Mwana woyamba wa njira ya IVF, ndiko kunena kuti kukumanitsa dzira ndi mbeu ya bambo kunja kwa thupi ndi kubwezera mluza m'chiberekero, anali Louise Brown, amene anabadwa pa 25 July, 1978 ku Oldham m'dziko la England, mwa luso la Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy. Koma panapita zaka zina 8 kuti Dokotala Christopher Chen wa ku Adelaide m'dziko la Australia alengeze, m'chaka cha 1986, pakati poyamba pochokera ku dzira losungidwa m'chisanu. Ngakhale pambuyo pa zimenezo, mazira ambiri ankafa powasungunula, ndipo madokotala ochuluka sankaikhulupirira njirayi.

Zinthu zinasintha pamene kunabwera njira yotchedwa vitrification. M'njira imeneyi dzira limayamba laikidwa m'mankhwala ochotsa madzi ake, kenaka limamizidwa m'naitrojeni mofulumira kwambiri, kotero kuti ayezi sapeza mpata wopanga minga, ndipo dziralo limangouma ngati galasi. Mwana woyamba wa njira imeneyi anabadwa m'chaka cha 1999, ndipo katswiri wa ku Japan, Masashige Kuwayama, anaikonza bwino kufikira inafala m'maiko ambiri. M'chaka cha 2012 bungwe la madokotala oona za ubereki ku America linalengeza kuti kusunga mazira sikunalinso chinthu chongoyesera. Koma bungwe lomwelo linachenjeza kuti umboni umene unalipo sunali wokwanira kulimbikitsa amai athanzi kuchedwetsa dala kubereka podalira njirayi. Chenjezo limeneli ndilo limene otsatsa malonda amakonda kuiwala.

Ntchito yake si yamasewera. Mai amabayidwa jakisoni wa mahomoni tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 mpaka 14 kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi, ndipo masiku onsewo amapimidwa magazi ndi kuunikidwa m'mimba. Kenaka amagonekedwa tulo ndi mankhwala, ndipo dokotala amakoka mazirawo ndi singano yaitali. Amai ena amatupa mimba ndi kudwala chifukwa cha mahomoniwo. Zaka zikapita ndipo maiyo akafuna mwana, mazira amasungunulidwa, katswiri amabayira mbeu imodzi ya bambo m'dzira lililonse, ndipo mluza umene wakula bwino umaikidwa m'chiberekero. Pa sitepe iliyonse pamakhala kutaya. Si mazira onse amene amakhala okhwima, si onse amene amapulumuka posungunula, si onse amene amalandira mbeu, si onse amene amakula kukhala mluza, ndipo si mluza uliwonse umene umagwira m'chiberekero. Mlimi aliyense wa ku Utale adziwa kuti mbeu zimene anasunga m'nkhokwe sizimera zonse, ndipo zimene zamera si zonse zimene zimabereka.

Nanga ziwerengero zikuti chiyani? M'chaka cha 2016 madokotala a ku Spain, motsogozedwa ndi Ana Cobo, anasindikiza zotsatira za amai amene anasunga mazira ao ndi kudzawagwiritsa ntchito. Kwa mai amene anasunga ali ndi zaka 35 kapena kucheperapo, mazira 10 ankapereka mwayi wa pafupifupi 60 pa 100 wokhala ndi mwana wamoyo. Kwa mai amene anasunga ali ndi zaka 36 kapena kuposerapo, mazira 10 omwewo ankapereka mwayi wa pafupifupi 30 pa 100, ndiye kuti theka lokha. M'chaka cha 2022 chipatala cha yunivesite ya New York chinasindikiza zotsatira za amai 543 amene anabwerera kudzasungunula mazira ao. Mwa onsewa, 39 mwa 100 alionse ndiwo anabereka mwana wamoyo. Kwa amene anasunga asanafike zaka 38, chiwerengero chinali 51 mwa 100, ndipo chinakwera kufika 70 mwa 100 kwa amene anasunga asanafike zaka 38 ndi kusungunula mazira 20 kapena kuposerapo.

Owerenga ayenera kuima pa ziwerengero zimenezi ndi kuziganizira mofatsa. Izi ndi zotsatira za zipatala zotchuka, za zipangizo zonse, m'maiko olemera, komabe ku New York amai 6 mwa 10 alionse amene anabwerera kukatenga mazira ao anapita kwao manja ali m'khosi. Ndiponso kuti mai apeze mazira 20, kawirikawiri ayenera kubwereza ntchito yonse ya majakisoni ndi singano kawiri kapena katatu, ndipo ulendo uliwonse uli ndi mtengo wake. Luso limeneli ndi loona ndipo labweretsa ana m'mabanja ambiri, koma amene amaligulitsa ngati chikole cha mwana akunama. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso nkhani ya kasungidwe. Thanki ya naitrojeni iyenera kuwonjezeredwa nthawi ndi nthawi, mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, popanda kuphonya. M'mwezi wa March, 2018 mathanki awiri analephera m'masiku omwewo m'zipatala ziwiri zosiyana ku America, china ku Cleveland ndi china ku San Francisco, ndipo ku Cleveland kokha mazira ndi miluza pafupifupi 4,000 inaonongeka. Ngati zotere zinachitika kumene magetsi sazima kawirikawiri, dziko limene linataya magetsi a ku Kapichira kwa nthawi yoposa chaka pambuyo pa namondwe wa Ana mu January, 2022 liyenera kuwerengera bwino lisanayambe kulonjeza amai kuti lidzawasungira mazira kwa zaka khumi. Thanki yokha siifuna magetsi, koma makina opangira naitrojeni ndi labotale yolerera miluza zimawafuna usana ndi usiku.

Koma funso lalikulu kwa anthu a ku Machinga ndi Balaka si la mathanki. Funso ndi lakuti, kodi luso limeneli limachiza vuto liti? Yankho lake ndi lakuti limalimbana ndi nthawi yokha. Limathandiza mai amene lero angathe kubereka koma akuopa kuti mawa mazira ake adzakhala atakalamba kapena ataonongeka. Mai wa ku Nsanama uja, amene anakwatiwa ali ndi zaka 19 ndipo lero ali ndi zaka 24 wopanda mwana, mazira ake sanakalambe. Kumusungira mazira kungakhale ngati kumangira nkhokwe yatsopano munthu amene vuto lake ndi mlatho woduka pakati pa munda ndi mudzi.

Kafukufuku wa WHO amene anasindikizidwa m'chaka cha 1985, ndipo anayerekeza mabanja osabereka a m'maiko ambiri, anapeza kuti mu Africa amai ochuluka osabereka anali ndi vuto lochokera ku matenda, makamaka amene amatseka machubu momwe dzira limadutsa popita ku chiberekero. Matenda amenewa ndi odziwika. Pali chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, amene mwa amai amatha kukhala mwakachetechete kwa miyezi, akudya machubu popanda chizindikiro. Pali matenda olowa m'chiberekero mai akachira m'malo osasamalika. Pali kuchotsa mimba mobisa, kumene akatswiri a sukulu ya zaudokotala ya ku Blantyre pamodzi ndi anzao a ku America anawerengera kuti kunachitika pafupifupi ka 141,000 m'dziko muno m'chaka cha 2015 chokha. Mtsikana amene anapulumuka ku zitsamba kapena ku ndodo ya chinangwa ali pa sukulu akhoza kudzalipira zaka zisanu pambuyo pake, ali pa banja. Ichi nchifukwa chake ambiri amene akulira m'maboma awiriwa si amene sanaberekepo ai, koma amene anabereka mwana mmodzi, kapena anapita padera kamodzi, ndipo kuyambira pomwepo kunangoti zii.

Ndiyeno pali likodzo. Boma la Machinga lili pakati pa madzi: nyanja ya Chilwa, nyanja ya Chiuta, mtsinje wa Shire umene umatuluka m'nyanja ya Malombe ndi kudutsa pa Liwonde, ndi minda ya mpunga ya ku Domasi. Anthu ambiri amadziwa likodzo ngati matenda a anyamata okodza magazi, ndipo ena amaliyesa chizindikiro cha kukula. Ochepa ndiwo adziwa kuti mazira a nyongolotsi ya likodzo amakakhazikikanso m'njira ya chiberekero, m'khomo lake ndi m'machubu, nabweretsa zilonda, kupweteka pogonana, kutaya magazi ndi kusabereka. Mai wotere akapita ku chipatala amatha kupatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, nabwerera kunyumba kukakangana ndi mwamuna wake, pamene mdani weniweni ali padooko pamene amachapira. Mankhwala a likodzo, otchedwa praziquantel, ndi mapiritsi amene ana amalandira ulele m'masukulu. Mtsikana amene wamwa mapiritsi amenewa nthawi yake yabwino watetezedwa koposa momwe thanki iliyonse ya naitrojeni ingamutetezere.

Nkhani ya abambo ndiyo imene imafuna kulimba mtima. Madokotala amavomerezana kuti pafupifupi theka la mabanja osabereka, vuto limakhala mwa mwamuna yekha kapena mwa onse awiri. Makolo akale ankachidziwa chimenechi, nchifukwa chake panali mau akuti gojo, ndipo nchifukwa chake panali mwambo wobisika wolowetsa fisi m'nyumba kuti abise manyazi a mwamuna. Mwambo umenewu, kuwonjezera pa kunyoza ulemu wa mkazi, ndi njira yotseguka ya kachilombo ka HIV. Chodabwitsa nchakuti kupima mbeu ya bambo ndiko kosavuta kuposa mapimidwe onse a ubereki. Sikufuna singano, sikufuna kugonekedwa, ndipo chida chake chachikulu ndi maikulosikopu yonga imene imagwiritsidwa ntchito poyang'ana malungo ndi chifuwa chachikulu. Komabe mkazi amayenda zaka zitatu kwa asing'anga, kumwa zowawa ndi kutemedwa mphini, mwamuna wake asanapondepo pa khomo la labotale. Atsogoleri aamuna amene amalankhula molimba pa misonkhano za chitukuko ayenera kulankhulanso molimba chomwecho pa nkhani iyi, ndipo ayambe ndi amuna anzao.

Zonsezi sizitanthauza kuti kusunga mazira kulibe malo m'dziko muno. Malo ake alipo, ndipo oyamba kuganiziridwa ndi odwala khansa. Mankhwala amphamvu a khansa ndi cheza chimene amaotchera nthendayi zimatha kupha mazira onse a mai ndi kumusiyitsa kusamba ali wamng'ono. Mtsikana wa zaka 22 wa ku Ulongwe amene watumizidwa ku Zomba, nachoka kumeneko kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukalandira mankhwala otere, angachire bwino lomwe, koma nkudzapeza kuti mwayi wake wa ubereki unapita pamodzi ndi nthendayo. Kwa iyeyu kusunga mazira si mwanaalirenji. Ngakhale pamene thumba la Boma silingakwanitse, iye ali ndi ufulu wouzidwa zoona asanayambe kulandira mankhwala, kuti iye ndi abale ake asankhe akudziwa. Mnyamata amene ali pa vuto lomwelo ndiye wosavuta kumuthandiza, popeza kusunga mbeu ya bambo ndi luso lakale ndi lotsika mtengo, lofanana ndi la ku Mikolongwe lija.

Gulu lachiwiri ndi la amai ophunzira, ndipo ena a iwo ali pakati pa owerenga tsamba lino. Mai amene watha zaka zake za m'ma 20 ali ku Chancellor College ndi ku maphunziro ena apamwamba, natumizidwa kukagwira ntchito ku boma la kutali, akhoza kufika zaka 34 asanapeze mwamuna woyenera kumanga naye banja. Ngati iye ali ndi ndalama zake ndipo waganiza zopita ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kumene IVF yakhala ikuchitika kuyambira m'chaka cha 1984, palibe chifukwa chomunyozera. Koma apite maso ali otseguka. Adziwe kuti zaka zake pa tsiku losunga ndizo zimalamula zonse, ndipo kuti wosunga ali ndi zaka 40 akugula chiyembekezo chochepa pa mtengo waukulu. Afunse chipatalacho kuti ndi amai angati a msinkhu wake amene anatuluka ndi mwana m'manja, osati ndi mazira angati amene anapulumuka posungunula, pakuti ziwerengero ziwirizi nzosiyana kutali ndipo otsatsa amakonda kutchula chachiwiricho. Afunse za malipiro a kasungidwe a chaka ndi chaka, amene amalipidwa m'ndalama zakunja. Akumbukirenso kuti ngakhale dzira likhale laling'ono, thupi lonyamula pakati limakhala la zaka zake zenizeni, ndipo kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga zimavuta kwambiri amai oyembekezera achikulire.

Pano mpofunika kupatuka pang'ono. M'chaka cha 2014 makampani a Facebook ndi Apple ku America analengeza kuti adzalipirira antchito ao aakazi kusunga mazira mpaka ndalama zokwana madola 20,000. Ena anaombera m'manja, koma ena anafunsa ngati sikukanakhala bwino kukonza ntchito kuti mai athe kubereka pa nthawi yake popanda kutaya udindo. Funso limeneli likhudzanso maofesi a m'dziko muno. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa mai woyembekezera tchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro ake onse. Mkulu wa pa ofesi amene amayang'ana mai wotenga tchuthi chimenechi ndi diso loipa, kapena kumudumpha pokweza anthu pa ntchito, ndiye amene amakankhira amai kuchedwetsa ubereki mpaka nthawi itawathera.

Kwa amai a machubu otsekeka, chimene chingawathandize ndi IVF yeniyeniyo, ya mazira atsopano, osati osungidwa. Ambiri sakumbukira kuti mai wake wa Louise Brown anali ndi vuto lomweli la machubu otsekeka, ndipo njirayi inapangidwira anthu onga iye. Cholepheretsa ndi mtengo. Koma akatswiri a bungwe la The Walking Egg ku Genk m'dziko la Belgium, motsogozedwa ndi Willem Ombelet, anasonyeza m'chaka cha 2013 kuti miluza ingathe kuleredwa m'timabotolo tiwiri tolumikizana, momwe mpweya wofunika umapangidwa posakaniza soda ndi asidi wa mtundu wa m'mandimu, m'malo mwa makina a mtengo wapatali, ndipo ana athanzi anali atabadwa kale mwa njira imeneyi. Ngati akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo ndi a sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences afuna poyambira, apa ndi pamene ayenera kuyang'ana, chifukwa labotale imodzi yotere pa chipatala chachikulu ingathandize amai ambiri a m'mbali mwa Chilwa kuposa nyumba yodzaza mathanki.

Zipembedzo nazo zili ndi mau, ndipo m'maboma awiriwa mau ao ndi olemera. Mpingo wa Katolika, umene uli ndi mizu yakuya ku Balaka, unakana IVF m'chikalata cha m'chaka cha 1987, ndipo m'chaka cha 2008 unanenanso kuti kusunga mazira ndi cholinga chodzawagwiritsa ntchito m'njira imeneyi nkosaloledwa. Akuluakulu a Chisilamu cha Sunni, chimene anthu ochuluka a ku Machinga amatsata, analoleza IVF kuyambira m'chaka cha 1980 ku Cairo, malinga dzira ndi mbeu zikhale za mwamuna ndi mkazi okwatirana, popanda munthu wachitatu, ndipo m'chaka cha 2019 nyumba yopereka zigamulo za chipembedzo ku Egypt inalolezanso kusunga mazira pa mfundo yomweyo. Boma silingasankhire munthu chikhulupiriro, koma lamulo liyenera kunena momveka za zinthu zimene ankhoswe sanaweruzepo chiyambire. Mai akamwalira atasiya mazira m'thanki, mwini wake ndani, mwamuna wake kapena mwini mbumba? Banja likatha, miluza ipita kuchikazi kapena kuchimuna? Mazira angasungidwe zaka zingati? Dziko la Britain linakhala ndi malire a zaka 10 kufikira m'chaka cha 2022 pamene linawakweza kufika zaka 55. Mafunso otere ndi bwino kuwayankha mlandu woyamba usanafike pa bwalo la mfumu ku Kalembo kapena kwa Kawinga.

Pakali pano pali zimene akuluakulu a m'maboma awiriwa angachite popanda kudikira ndalama zakunja. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi kuphunzitsa za kulera aphunzitsenso kuti jakisoni wa kulera akhoza kuchedwetsa pakati kwa miyezi ingapo, nthawi zina mpaka chaka, mai atasiya kubayitsa, koma saumitsa chiberekero. Aphunzitse kuti banja limene latha chaka chathunthu likuyesa popanda pakati liyenera kupita ku chipatala, ndipo ngati mai wapitirira zaka 35 asadikire chaka, miyezi 6 yakwana. Mafumu, mashehe ndi abusa aletse mau akuti chumba pa mabwalo ao, ndipo ankhoswe asathetse banja pa mlandu wa kusabereka onse awiri asanapimidwe. Oyang'anira chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde ndi cha Balaka apatule tsiku lodziwika pa mwezi la mabanja ofuna ana, ndi chipinda chake chosiyana ndi cha amai oyembekezera, pakuti mai amene wakhala zaka zisanu akulira sangafotokoze mavuto ake atakhala pa benchi limodzi ndi anzake a mimba zazikulu. Ndipo pa tsiku limenelo namwino wolandira anthu pakhomo, asanatsegule buku la mai, ayambe wafunsa kuti bambo ali kuti.